Miyendo ikayamba kulefuka muli pa prednisolone: zoyenera kuchita

Achemwali anga atawapeza ndi vuto la impso lotupitsa thupi, anabwerera kunyumba ndi kajumbo ka timapiritsi toyera. Anali prednisolone, mankhwala a m'gulu la masteroidi, mamiligalamu 60 patsiku. Poti m'bulu umodzi ndi mamiligalamu 5, ankawerengera mibulu 12 pachikhatho m'mawa uliwonse, kuphatikiza Lasix wochotsa madzi m'thupi. Sabata ziwiri zoyambirira kunali chisangalalo chokhachokha. Mapazi anaphwa, nsapato zinayambanso kulowa, nsima ankatha mitanda itatu. Sabata yachitatu ananjuta pa mbaula kuti akupize moto, ndiye kudzuka kunakanika. Anagwira chitseko, anayesanso, miyendo ili lende ngati ya mwini wake. Usiku wathawo anali atagona movutika ndi kukokana kwa akatumba, ndipo kwa masiku awiri ankatsekula m'mimba koma osauza munthu.

Oyandikana nawo nyumba anagamula msanga: mankhwalawo akuchulukira, siyani. Mwamwayi sitinamvere. Kuchipatala anayeza magazi n'kupeza potaziyamu, mchere wa m'thupi wothandiza minofu, atatsika kufika pa 2.9. Zomwe ndalemba apazi ndi zomwe tinaphunzira m'miyezi yotsatirayo, ndipo ndazisanja momwe ndikanafunira kuti wina atisanjire pa tsiku loyamba lija.

1. Lembani chomwe mukumwa

Tengani buku lanu la kuchipatala muone zinthu zitatu: dzina la mankhwala, mlingo wa patsiku, ndi tsiku lomwe munayamba. Mukalephera kuwerenga zolemba za adokotala, musachite manyazi, uzani a kufamase akulembereni pa jumbo ndi zilembo zooneka.

Dzina ndi lofunika chifukwa masteroidi sakhala ndi mphamvu zofanana. Prednisolone wa mamiligalamu 5 amafanana ndi hydrocortisone wa 20, kapena dexamethasone wa 0.75 basi. Pa nkhani ya potaziyamu amasiyananso: hydrocortisone ndiye amataya wambiri, prednisolone pang'ono, dexamethasone pafupifupi osataya. Kwa munthu wamkulu, prednisolone wa mamiligalamu 40 kapena kuposa apo patsiku ndi mlingo waukulu kale. Milingo yotere amapereka pa mphumu yoopsa, lupus, matenda ena a impso ndi a khungu, TB ya m'mutu kapena yozungulira mtima, ndiponso limodzi ndi mankhwala ena a khansa.

Imwani mibulu yonse nthawi imodzi m'mawa mutadya, pokhapokha adokotala atanena zina. Thupi limapanga steroidi yakeyake, cortisol, kuchokera m'tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso, ndipo limapanga yambiri m'mamawa. Mukamwa nthawi imeneyo mukuyenda limodzi ndi thupi, komanso tulo simuvuta kwambiri. Mukaiwala, imwani mukakumbukira tsiku lomwelo. Mawa lake musaphatikize milingo iwiri.

2. Dziwani manambala anayi ndi zizindikiro zake

Potaziyamu ndi mtundu wa mchere wa m'thupi womwe umathandiza minofu kukoka ndi kumasuka. Mtima nawonso ndi mnofu, ndiye kuopsa kwake kuli pamenepo. Steroidi ikachuluka imauza impso kuti zisunge mchere wa sodium ndi madzi, n'kumataya potaziyamu mu mkodzo. N'chifukwa chake munthu yemweyo amatupa nkhope uku miyendo ikufooka.

Pa pepala la ku labu potaziyamu amalembedwa ndi chilembo K. Mlingo wabwino ndi 3.5 mpaka 5.0. Akatsika pa 3.5 ndiye kuti wachepa. Akatsika pa 3.0 zafika pofuna chithandizo msanga. Akatsika pa 2.5 ndi nkhani yogonekedwa, yolandira potaziyamu m'diripi mtima akuuyang'anira. Manambalawa asakupusitseni poti akuyandikana. Pafupifupi potaziyamu yense amakhala m'kati mwa maselo, m'magazi mumangoyenda magawo awiri pa 100 alionse. Ndiye nambala ikatsika pang'ono pa pepala, thupi limakhala litataya wochuluka ndithu.

Akachepa pang'ono, nthawi zambiri simumva kanthu. Akamatsikirabe mumayamba kutopa kopanda chifukwa, kukokana kwa akatumba makamaka usiku, kudzimbidwa ndi kutupa mimba poti matumbo nawo achita ulesi, dzanzi, ludzu ndi kukodza pafupipafupi. Izi zikayamba, pitani mukayezetse tsiku lomwelo kapena mawa lake. Koma mtima ukamagunda modumphadumpha kapena kuthamanga muli chikhalire, mukamachita chizungulire ngati mukomoka, mukalephera kuimirira kapena kukweza mkono, kupuma kukamavuta, musadikire kuti kuche. Pezani galimoto, njinga yamoto, chilichonse.

Pali msampha umodzi pano. Munthu wa pa steroidi akhoza kufooka pa zifukwa zitatu zosiyana: potaziyamu wachepa, steroidi yomweyo yadya minofu ya m'ntchafu ndi m'mapewa (izi zimabwera pang'onopang'ono pakapita milungu kapena miyezi), kapena wadumphitsa mankhwala ndipo thupi lasowa cortisol. Ndi maso simungasiyanitse. Chithandizo chake n'chosiyananso, ndipo chothandiza pa china chikhoza kupha pa chinzake. Magazi okha ndiwo amaweruza.

3. Funani wakuba wachiwiri

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Prednisolone payekha sagwetsa potaziyamu kwambiri kawirikawiri. Munthu akafika pa 2.9, pamakhala china chomwe chikuba limodzi naye. Kwa achemwali anga akubawo anali awiri, Lasix ndi kutsekula m'mimba kuja.

Khuthulani mankhwala onse a m'nyumba pamphasa, a kuchipatala, a ku golosale, a kwa asing'anga, muwaone limodzilimodzi.

Oyamba kuwakayikira ndi mankhwala okodzetsa. Furosemide, amene ambiri timangoti Lasix, ndi hydrochlorothiazide, HCTZ uja amene anthu ambiri a BP kwathu kuno amayambira, onsewa amataya potaziyamu mu mkodzo. Ndipo taonani momwe zimakolanirana: steroidi imakweza BP kapena kutupitsa mapazi, munthu amapatsidwa okodzetsa, potaziyamu n'kumatuluka pa makomo awiri. Si kuti adokotala alakwitsa. Nthawi zambiri mankhwala onsewo amafunikadi. Chofunika n'chakuti amene akukulemberani adziwe zonse zomwe mukumwa, makamaka ngati BP mumaonetsa ku kiliniki ina, matenda enawo kwina.

A mphumu, salbutamol wanu uja, wopopera kapena wa pa makina opumira, amakankhira potaziyamu m'maselo n'kumuchotsa m'magazi. Kupopera kawiri patsiku si vuto. Koma mphumu ikavuta, mukamapopera maola alionse uku muli pa prednisolone, potaziyamu amatsika. Insulin naye amachita chimodzimodzi.

Kenako kutsekula m'mimba ndi kusanza. Masiku awiri okha ndi okwanira. Pamenepa ndiikepo mankhwala otsuka m'mimba, kaya ogula kaya azitsamba. Munthu wadzimbidwa chifukwa potaziyamu wachepa, wamwa chotsukira, wataya potaziyamu wina, wadzimbidwanso. Mowa nawo umataya potaziyamu pamodzi ndi magnesium, mchere winanso wa m'thupi. Kusala kudya masiku angapo kuphiri, kapena kulima tsiku lonse pa dzuwa la Okutobala thukuta lili kamukamu osadya bwino, zimawonjezera pa vuto lomwe lilipo kale.

Za magnesium mumvetse bwino. Akachepa, impso zimangotayabe potaziyamu ngakhale mumwe mapiritsi angati. Omeprazole, amene amaperekedwa kuteteza m'mimba, akamwedwa miyezi yambiri amatha kuchepetsa magnesium. Choncho ngati mwamwa mapiritsi a potaziyamu sabata yathunthu koma nambala siikukwera, funsani ngati angayeze kapena kukupatsani magnesium.

Amene mumamwa digoxin wa mtima, dziwani kuti potaziyamu akachepa digoxin amasanduka poizoni pa mlingo womwewo womwe munazolowera. Nseru, kusafuna kudya, kuona zinthu zachikasu kapena mtima kugunda mosokonekera, thamangirani kuchipatala.

Tsono pali gulu lina lomwe limachita zotsutsana, losunga potaziyamu m'thupi: enalapril, captopril, losartan, spironolactone, ndiponso Bactrim amene ambiri amamwa tsiku ndi tsiku. Impso zofooka nazo zimalephera kutaya potaziyamu. Munthu wotere akamva kuti steroidi imachepetsa potaziyamu n'kukadzigulira mapiritsi, akhoza kukweza nambala kupitirira 6, ndipo potaziyamu wochuluka amaimitsa mtima mofanana ndi wochepa, kawirikawiri popanda chenjezo. Anthu ambiri opatsidwa steroidi yambiri amapatsidwa chifukwa cha impso zomwezo. Ndiye ndikunena mosapsatira: mapiritsi a potaziyamu si ogula chifukwa mnzanu wa pa WhatsApp anamuthandiza.

4. Kayezetseni, ndipo muyezetse bwino

Pemphani kuyezedwa kwa U&E. Ndi dzina lomwe a chipatala amagwiritsa ntchito, ndipo kuyeza kumeneku kumaonetsa potaziyamu, sodium ndi momwe impso zikugwirira ntchito, makamaka akaphatikiza creatinine. Ndi bwino kuyezetsa poyamba penipeni, kenako pakatha sabata imodzi kapena ziwiri ngati mulinso pa okodzetsa, komanso nthawi iliyonse yomwe mwadwala m'mimba kapena mankhwala asinthidwa.

Zipatala zing'onozing'ono zambiri sizitha kuyeza zimenezi. Muyenera kufika pa chipatala cha boma cha pa boma, chachikulu, cha mishoni kapena labu yolipira. Ife ulendo wina tinafika m'mawa kwambiri, tinakhala pa benchi mpaka masana, n'kutiuza kuti makina alipo koma mankhwala oyezera atha. Kuyambira pomwepo tinaphunzira kufunsa pakhomo la labu tisanakhale pamzere, ndi kusungako ndalama pang'ono ya labu yolipira.

Chinthu china chomwe ambiri sadziwa: magazi akachedwa kufika ku labu, kapena akatengedwa movutikira, lamba atamangidwa nthawi yaitali inu mukufumbatafumbata chibakera, maselo amataya potaziyamu wawo m'botolo. Zotsatira zimaonetsa nambala yokwera kuposa yeniyeni. Wochepa akhoza kuoneka wabwinobwino. Choncho musapope dzanja pomwe akutenga magazi, ndipo ngati pepala likuti zonse zili bwino koma inu miyendo ikukanabe, nenani. Kubwereza si mlandu. Ngati pali makina a ECG, oyeza kagundidwe ka mtima, nawo amaonetsa ngati mtima wayamba kukhudzidwa.

Nambala iliyonse ilembedwe m'buku lanu pamodzi ndi deti. Dokotala wa mwezi wamawa mwina sadzakhala yemweyo.

5. Mukapatsidwa mapiritsi a potaziyamu

Omwe amapezeka kwambiri ndi Slow-K, wa mamiligalamu 600. Mezani wathunthu, osatafuna, osaphwanya, osasungunula. Anapangidwa kuti azisungunuka pang'onopang'ono, ndipo akaphwanyidwa amawotcha kummero ndi m'mimba. Imwani mutadya, ndi kapu yodzaza ya madzi, mutakhala tsonga, ndipo musagone nthawi yomweyo. Mukamva kupweteka pomeza, kupweteka kwambiri m'mimba, kapena chimbudzi chikada ngati phula, siyani mukaonane ndi adokotala tsiku lomwelo.

Funsani kuti mumwa masiku angati ndipo mudzayezetsanso liti. Osangopitiriza. Lasix akachotsedwa kapena steroidi ikatsitsidwa, potaziyamu yemwe ankakuthandizani uja akhoza kuyamba kuunjikana. Nthawi zina adokotala m'malo mowonjezera mapiritsi amangosintha okodzetsa, kuika spironolactone wosunga potaziyamu. Zikatero Slow-K wotsala m'kabati musamukhudzenso.

Mukatsekula m'mimba, yambani ORS msanga. Mu lita imodzi ya Thanzi muli potaziyamu wopitirira wa m'mibulu iwiri ya Slow-K, pa mlingo woyezedwa bwino. Madzi a mchere ndi shuga opanga nokha alibe potaziyamu, ndiye ngati ndi okhawo omwe alipo, dyeraniponi nthochi. Tsiku lomwelo funsani a chipatala ngati muyenera kuimitsa kaye okodzetsa. Steroidi yokha musaimitse.

6. Konzani m'khitchini

Gawoli ndi la amene adokotala atsimikiza kuti impso zawo zikutaya potaziyamu bwinobwino. Ngati anakuuzani kuti impso zafooka, kapena nambala yanu imakhala pamwamba, malangizo anu ndi otembenuza, ndipo muwatenge kwa amene akukuonani.

Bungwe la WHO limalangiza munthu wamkulu kudya potaziyamu wosachepera mamiligalamu 3,510 patsiku, ndi mchere wosafika magalamu 5, womwe ndi pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi. Aliyense akamva potaziyamu amathamangira nthochi. Nthochi ndi yabwino, imodzi yapakatikati ili ndi mamiligalamu pafupifupi 400, koma simungadye nthochi zisanu ndi zinayi tsiku lililonse, makamaka shuga akukwera. Ubwino wake ndi wakuti ndiwo zathu za masiku onse zili ndi potaziyamu wambiri. Nyemba, khobwe, nandolo, nzama ndi soya zili patsogolo. Mapeyala amaposa nthochi mukayerekeza kulemera kofanana. Mbatata, kachewere, maungu, nthochi zophika, matimati, bonongwe, nkhwani, kholowa, chisoso, chigwada, nsinjiro, malambe, mapapaya, mango, malalanje, mkaka ndi chambiko, zonsezi zimathandiza. Mgaiwa uli ndi wochuluka kuposa ufa woyera, poti ufa woyera wambiri umatsalira m'gaga ndi m'madzi onyikira mphale.

Chomwe chimatitayitsa ndi kaphikidwe. Potaziyamu amasungunuka m'madzi. Mukadula kachewere tizidutswa, kuwiritsa m'madzi ambiri, n'kukhetsa madziwo, gawo lalikulu lapita kudzala. Anthu a impso zofooka amauzidwa kuphika choncho dala kuti amuchotse. Inu chitani zosiyana: mbatata muotche kapena muphike ndi makoko ake, masamba muphike ndi madzi ochepa oti aphwere momwemo, msuzi wa nyemba musataye. Futali ndi masamba otendera ndi zakudya zabwino kwambiri pa nkhaniyi poti chilichonse chimatsala mumphika.

Tsiku la achemwali anga linkayenda chonchi: m'mawa phala la mgaiwa lothira nsinjiro ndi nthochi imodzi, kenako mankhwala. Masana nsima mitanda iwiri, nyemba ndi bonongwe. Chakumadzulo theka la peyala kapena mbatata yootcha. Usiku nsima pang'ono, usipa wauwisi kapena wouma wotsukidwa bwino, ndi nkhwani wotendera. Palibe chogula ku shopu yapamwamba.

Mchere uchepe. Mukadya sodium wambiri, impso zimatayanso potaziyamu wambiri, kuwonjezera pa kutupa ndi BP. Chotsani mchere wa patebulo, ndipo chepetsani timakyubu tokometsera ndiwo, soseji, poloni, tchipisi cha pachiwaya chowazidwa mchere, ndi nsomba zouma za mchere. Soda wa m'therere nayenso ndi sodium. Chidulo n'chosiyana, chimachokera ku phulusa ndipo chili ndi potaziyamu, koma palibe amene angakuuzeni kuchuluka kwake mu chikho chimodzi. Phikirani therere monga mwa masiku onse ngati impso zili bwino, koma musachisandutse mankhwala omwa. Amene muli ku Joni kapena ku UK mudzaona m'mashopu mchere wolembedwa kuti uli ndi sodium wochepa. M'malo mwa sodium anaikamo potaziyamu, ndiye funsani kaye musanagule.

Chakudya chimateteza kuti musatsike, ndipo chimakweza amene watsika pang'ono. Amene ali pa 2.9 sangakwere ndi mkoko wa nthochi.

7. Yang'anirani zina zomwe steroidi imabweretsa

Shuga ndiye woyamba. Steroidi imakweza shuga ngakhale kwa munthu amene sanadwalepo matendawa. Prednisolone womwa m'mawa amakweza shuga masana ndi madzulo, pofika m'mamawa amakhala watsika. Choncho kuyezetsa m'mawa musanadye kukhoza kukunamizani. Yezetsani patatha maola awiri mutadya nkhomaliro. Nambala ikafika 11.1, kapena 200 pa makina owerenga mwa mtundu winawo, auzeni adokotala. Ludzu losatha, kudzuka kanayi usiku kukakodza, maso kuona mwachimbuuzi, ndi zizindikiro zake, ndipo mkodzo wochulukawo ukutenganso potaziyamu. Zakumwa zotsekemera, thobwa lothira shuga wambiri ndi tiyi wa masupuni anayi zidikire kaye. Amene muli kale ndi shuga, mankhwala anu mwina afunika kukwezedwa pomwe steroidi ili pamwamba, ndi kutsitsidwanso ikamatsika. Chachiwirichi ambiri amaiwala, mapeto ake shuga amagwa.

Njala ya steroidi ndi yoopsa, munthu amadzuka pakati pa usiku kukavundukula mapoto. Musalimbane nayo ndi mandasi. Sungani pafupi mtedza wosathira mchere, nkhaka, chipatso. Nkhope idzatupa, mimba idzakula, ziphuphu zidzatuluka, ndipo anthu adzayankhula. Ena adzati mwapeza bwino, ena adzanong'ona zina. Zimaphwa mlingo ukatsika, ngakhale zimatenga miyezi. Achemwali anga chomwe chinawapweteka kwambiri pa zonse chinali chimenechi, moti anasiya kupita ku kwaya kwa kanthawi. Ndikuchitchula poti atsikana ndi amayi ambiri amasiyira mankhwala pa galasi.

BP muyezetse ulendo uliwonse. Ikamakhala pa 140/90 kapena kupitirira, inenedwe.

M'mimba: steroidi ikaphatikizana ndi Brufen, diclofenac, Indocid kapena aspirin, zilonda za m'mimba ndi kutaya magazi zimabwera mosavuta. Mankhwala amenewa amavulazanso impso. Mutu ukawawa imwani Panado. Ngati aspirin munapatsidwa ndi adokotala chifukwa cha mtima, musasiye nokha, koma akumbutseni kuti muli pa steroidi.

Tulo ndi maganizo zimasokonekera. Ena amakhala ndi mphamvu zodabwitsa, kuchapa usiku, kulankhula osapuma. Ena amapsa mtima ndi kanthu kachabe, ena amangolira. Uzani a m'nyumba mwanu pasadakhale kuti akaona mwasintha adziwe gwero lake. Munthu akayamba kuona kapena kumva zomwe ena sakuziona, kusokonezeka mutu, kapena kulankhula zodzipha, apite naye kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mukanene kuti ali pa steroidi. Zimachitika kwambiri m'milungu yoyambirira ya mlingo waukulu, ndipo zimatha mlingo ukakonzedwa. Si mizimu.

Matenda opatsirana ndiwo ndimaopa kwambiri. Steroidi imagonetsa chitetezo cha m'thupi, komanso imabisa zizindikiro, moti munthu akhoza kudwala kwambiri thupi osatentha kwenikweni. Kutentha thupi kulikonse, ngakhale pang'ono, kayezetseni malungo ndi zina tsiku lomwelo. Gonani m'neti. Chifuwa chosatha, thukuta la usiku ndi kuonda, kayezetseni TB, chifukwa steroidi imadzutsa TB yomwe inagona. Ngati simunayezetse HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B posachedwapa, ino ndiyo nthawi yake. Amene ali ndi HIV ayang'ane pakhungu ndi m'kamwa: madontho akuda ofiirira a Kaposi amakula msanga ndi steroidi. Mwana wa m'nyumba akadwala katsabola kapena chikuku inu simunadwalepo, kapena wina akatuluka mashingozi, talikiranani ndipo mudziwitse achipatala osadikira zizindikiro. Zoyera m'kamwa ndi mauka zimabweranso kawirikawiri, koma zili ndi mankhwala. Katemera aliyense, nenani kaye kuti muli pa steroidi, poti ena saperekedwa pa nthawi imeneyi. Ndipo amene akumwa mankhwala a TB adziwe kuti rifampicin amafooketsa prednisolone, n'chifukwa chake mlingo wawo umaoneka waukulu kuposa wa anzawo.

Mukakhala pa steroidi miyezi itatu kapena kuposa, mafupa amayamba kufooka. Funsani za calcium ndi vitamini D, idyani usipa ndi matemba ndi minga yake, yendani tsiku lililonse, siyani fodya. Kupweteka kwa m'chiuno kapena m'mphechepeche poyenda, kapena msana kuwawa mwadzidzidzi, musangopaka mankhwala. Maso akayamba kuchita nkhungu kapena kuwawa, kaonetseni ku chipatala cha maso, poti steroidi imabweretsa ng'ala ndi kukweza mphamvu ya madzi a m'diso.

8. Musasiye mwadzidzidzi

Mukawerenga zonsezi mtima ukhoza kunena kuti bola kungosiya. Apa mpamene anthu amafera. Mukamwa steroidi kupitirira milungu itatu, tiziwalo ta pamwamba pa impso tija timagona, poti ntchito yake ikugwiridwa ndi mapiritsi. Mukasiya lero, sitidzuka lero. Thupi limatsala lopanda cortisol: kufooka kotheratu, chizungulire, kusanza, kupweteka m'mimba, BP kugwa, kukomoka. Matenda omwe ankachizidwa aja nawo amabwerera ndi ukali. N'chifukwa chake mlingo amautsitsa pang'onopang'ono, ndipo ukamayandikira mibulu iwiri kapena umodzi amatsitsa mochedwa kwambiri kuti tiziwaloto tipeze nthawi yodzuka.

Pemphani kuti ndondomeko yotsitsira ilembedwe yonse, deti ndi chiwerengero cha mibulu. Werengani mibulu yomwe mwapatsidwa musanachoke pawindo la famase, muone ngati ifika tsiku lobwerera. Katengeni ena kutatsala sabata, osati mawa lake atatha, poti mukhoza kupeza kulibe, kapena mvula yadula mlatho. Popita kumaliro kapena kumudzi, mankhwala alowe m'chikwama choyamba.

Mukasanza pasanathe theka la ola mutamwa, dikirani pang'ono mumwenso. Mukasanzanso, pitani kuchipatala, akakubayeni hydrocortisone. Mukadwala malungo, mukachita ngozi, mukafuna kuchitidwa opaleshoni kapena kuzulidwa dzino, nenani kuti muli pa steroidi, ndipo muzinenabe mpaka chaka chitatha mutasiya, chifukwa thupi likapanikizika limafuna cortisol wochuluka kuposa yemwe lingathe kupanga. Mukazindikira kuti ndinu oyembekezera, pitirizani kumwa ndipo mukaonane ndi adokotala msanga. Kapepala kolemba dzina la mankhwala, mlingo ndi tsiku loyamba kazikhala m'chikwama chanu, kuti ngakhale mutalephera kulankhula kakuyankhulireni.

Pomatsitsa, mafupa ndi minofu zimatha kuwawa, ndipo ulesi umagwira kwa masiku angapo pa sitepe iliyonse. Zikapitirira, kapena zizindikiro za matenda oyamba aja zikabwerera, musadzikwezere mlingo nokha, bwererani msanga tsiku lanu lisanakwane. Kumbukiraninso kufunsa za Slow-K ndi okodzetsa nthawi iliyonse yomwe steroidi yatsitsidwa, poti zitatuzi zimayendera limodzi.

Ife tinagula kalendala ya pakhoma n'kulemba chiwerengero cha mibulu m'bokosi la tsiku lililonse, 12, kenako 10, kenako 8, ndi chilembo K chofiira pa masiku okayezetsa magazi. Achemwali akamwa ankadula mzere. Tsiku lina mwana wawo wa sitandade 4 ndiye anatulukira kuti bokosi la dzulo lake linalibe mzere, ndipo kuyambira pamenepo ntchito yoyang'anira kalendala inakhala yake.